Kachirombo pa Teni Tambala

Amuna anga anali munthu wogwada. Sindikunena za kutchalitchi, kumeneko ankangowodzera. Ndikunena kuti pa zaka zomwe tinakhala ku Kaseye, m'boma la Chitipa, ndinkawaona atagwada kawirikawiri kuposa ataimirira: m'mizere ya chimanga, pansi pa nkhokwe za anthu, kuseri kwa khitchini yathu, mphuno ili pafupi ndi dothi, kamera ili kumaso. Mathalauza awo onse ankathera m'maondo, ndipo wosoka zigamba ndinali ine.

Anali mlangizi wa zaulimi. Ife kwathu ndi ku Thyolo, ndipo boma litatitumiza kumpoto achibale anatitsanzika ngati tikupita kumanda. Ine ndinkaphunzitsa ana aang'ono pa pulayimale ya pafupi. Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene khadi la chipani linali lofunika kuposa nsapato, chifukwa popanda khadi sunkalowa mumsika ndipo sunkakwera basi. Nkhope ya Mtsogoleri inali paliponse: pakhoma la ofesi, pa baji ya pachifuwa, pa nsalu zomwe ife amayi tinkavala pokavina, ndi pa ndalama iliyonse ya m'thumba. Nsalu ija tinkaimanga mosamala kuti nkhope isagwere kumbuyo, chifukwa kuikhalira unali mlandu. Zinthu zoterezi palibe ankatiphunzitsa, tinkangozidziwa.

Kamera inabwera m'nyumba mwathu chifukwa cha kachirombo. Kunamveka kuti kutsidya kwa malire, ku Tanzania, kwabuka kachirombo katsopano kodya chimanga m'nkhokwe, koipa kuposa nankafumbwe yemwe tinamuzolowera. Nankafumbwe amaboola njere n'kukusiyirako kena. Aka kankasandutsa chimanga chonse fumbi, kakatha apo n'kuyamba kuboola mitengo ya nkhokwe yomwe. Amalonda obwera ndi matumba panjinga kuchokera kutsidyako ankakatchula kuti dumuzi. A ku likulu sankafuna mphekesera za amalonda. Ankati mankhwala atumiza pokhapokha aone umboni kuti kachiromboko kalowadi m'dziko. Ndiye tsiku lina mzungu wa pulojekiti yosunga mbewu anafika ndi kamera yokhala ndi diso lalitali, lolemera, lopangidwira kujambula tinthu ting'onoting'ono pafupi penipeni.

Mzunguyo anawaphunzitsa masana amodzi okha, atakhala pakhonde pathu, akuthamangira kuti mdima usamupeze pa msewu wa ku Karonga. Anawaonetsa poika filimu, popotokola kuti chinthu chioneke bwino, ndi kamkombero kena ka manambala kozungulira diso lija. Za kamkombero aka anangoti azikasiya pa nambala yaikulu nthawi zonse, osakasuntha. Chifukwa chake sananene, ndipo amuna anga, ndi ulemu wawo wa munthu wa boma, sanafunse. Lamulo lina linali lakuti pambali pa kachirombo aziika chinthu chodziwika kwa aliyense, kuti woona chithunzi adziwe kukula kwake. Filimu ikadzaza inkapita ku likulu pa galimoto ya boma n'kukatsukidwa komweko. Zithunzi sizinkabwerera. Amuna anga anajambula miyezi yambirimbiri osaonapo chithunzi chawo n'chimodzi chomwe.

Ine kamerayo ndinkaida, ndipo ndinkaitcha mkazi wamng'ono. Inkagona m'bokosi la zovala zanga zabwino, yokutidwa ndi duku langa la kutchalitchi. Inandilanda kalilole wanga, chifukwa ankamugwiritsa ntchito pobweza kuwala kwa dzuwa kuti kugwere pa kachirombo. Inandilanda ndi m'mawa momwe. Nthawi ya chisanu ku Chitipa kumazizira mpaka mano kugundana, ndipo amuna anga anapeza kuti tizirombo tikazizidwa timakhala duu, sitiyenda. Choncho ena akuothera moto, iwo anali atagwada kale panja, atagwira mpweya kuti dzanja lisanjenjemere, akujambula nankafumbwe, chiswe, nsabwe za m'masamba, chilichonse chokwawa. Poyeserera, ankatero.

Tsiku lina anandiitana ndikusesa. Wamalonda wina anali atawabweretsera dumuzi wakufa m'kabokosi ka machesi.

"Mayi, tabwerani mudzaone mdani wathu."

"Ndili ndi ntchito, Bambo. Adani anga ine ndimawaona ndi maso awiri omwewa."

"Bwerani basi. Tsekani diso limodzi."

Ndinagwada monyinyirika. Pansalu yoyera panali kadontho kakuda, kosafika ndi pa njere ya mpunga. Koma nditaika diso pa kamera ndinadzidzimuka mpaka kubwerera m'mbuyo. Chinali chilombo chenicheni. Mutu wake sunali kutsogolo ngati wa zamoyo zina, unabisala pansi pa chinthu chonga chipewa chokhala ndi timinga tambirimbiri. Tinyanga take tiwiri tinali ndi timfundo titatu kumapeto. Kumbuyo kwake kunali kodulidwa ngati ndi mpeni. Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti chipewa chokhacho ndi chomwe chinkaoneka bwino. Miyendo yam'mbuyo ndi nsalu yomwe chinagonapo zinali chifunga chokhachokha. Ukasuntha mutu pang'ono, chipewa chinkasungunuka, m'malo mwake n'kutulukira mwendo.

"Mwaona?" anatero amuna anga, akusangalala ngati kachiromboko anakalenga ndi iwo. "Diso ili limaona malo opyapyala ngati lumo. Zina zonse limazitaya."

Ndinadzuka n'kupitiriza kusesa, koma tsiku lonselo chipewa chamingaminga chija sichinandichoke m'maso.

Pa chinthu chodziwika kwa aliyense chija, anasankha ndalama ya teni tambala, chifukwa mbali yake ina ili ndi chimanga. Ankati chimanga ndi mdani wake azionekera pamodzi. Mbali inayo, monga ndalama zonse, inali ndi nkhope ya Mtsogoleri. Ankaonetsetsa kuti chimanga chayang'ana kumwamba, ndipo pansi ankayala kampango koyera kuti nkhope isakhudze dothi. Sanali munthu wosasamala. Ndikunena izi chifukwa pambuyo pake anthu ananena zambiri.

Loweruka lina m'mawa kunabwera mdala wina wa m'mudzi wa kuseri kwa sukulu, wamtali, wowonda, atafunda bulangete. Anapereka moni wa kwawo, ife n'kuyankha m'Chitumbuka chathu chopunduka, kenako anati:

"Adada alangizi, nkhokwe yane ikulira."

Tinapita tonse, ine nditanyamula kalilole. Titafika, amuna anga anatsamiritsa khutu pa nsungwi za nkhokweyo, n'kundikodola kuti nanenso ndimvere. Mkatimo munkamveka kaphokoso kosalekeza, ngati mvula yowaza pa udzu wouma. Atasolola chimanga chimodzi n'kuchigogoda pa bondo, panatuluka ufa, ndipo mu ufamo munali timadontho takuda tikuyenda. Ameneyu anali dumuzi wamoyo woyamba kupezeka m'dera lathu lonse. Nkhope ya amuna anga inali ndi mantha ndi chimwemwe nthawi imodzi, ndipo ine zinandinyansa kuona chimwemwecho.

Anayala kampango, anaika ndalama, chimanga kumwamba, n'kuika kachirombo kamodzi pambali. Koma tinali titachedwa. Dzuwa linali litakwera, kachirombo katafundidwa, ndipo kuwala kwa kalilole wanga kunangokawonjezera mphamvu. Kanayamba kuyenda kulowera kumphepete kwa kampango. Amuna anga ankakalondola atagwada, diso lili pa kamera, osaona china chilichonse.

"Kakuchimbira, adada, kakuthawa," anatero mdala uja.

Pofuna kuthandiza, anatola ndalama ija n'kuiika kutsogolo kwa kachiromboko kuti akatsekereze njira. Kachirombo sikanabwerere. Kanakwera pa ndalamayo n'kuima. Kamera inalira, inaliranso. Amuna anga anatulutsa mpweya womwe anaugwira uja, n'kudzutsa mutu akumwetulira. Kenako anayang'ana pansi, ine ndinayang'ananso, ndipo tonse tinaona kuti ndalama inali itatembenuka. Kachirombo kanaima pankhope.

Mdala sanaone cholakwika. Anatiperekeza mpaka pa njira akuthokoza kuti yewo, yewo chomene, n'kundipatsa mazira m'kambale.

Tinayenda, amuna anga akukankha njinga, mpaka titafika pamalo opanda nyumba.

"Bambo, filimu imeneyo muitsegule padzuwa ipse."

"Mayi, m'kameramu simunaoneke nkhope. Ndinaona kachirombo kokha. Pansi pake panali chifunga."

"Chifunga chimenecho chili ndi mwini wake."

"Mu filimu imeneyi ndi momwe muli umboni wonse. Ndikaiwotcha, ina ibwera liti? Galimoto ya boma mukuidziwa. Anthu awa chaka chamawa adya chiyani?"

"Nanga ana anu adya chiyani mukakalowa m'ndende?"

Titafika kunyumba sanakangane nane. Anaika ndalama ija patebulo, nkhope kumwamba, titatseka chitseko, n'kuikapo kanjere ka mapira. Anapotokola diso mpaka kanjere kataoneka bwino, n'kundiuza kuti ndiyang'ane. Ndinayang'ana. Kanjere kanali mbee, timizere take tonse tikuoneka. Pansi pake panali kutuwa chabe, kopanda diso, kopanda mphuno, kopanda munthu. Ndinaona ndi diso langa. Filimu inapita ndi galimoto yotsatira.

Panapita miyezi, mvula inayandikira, ndipo mtima wanga unayamba kukhala pansi. Tsoka silinunkha. Kenako kunabwera uthenga wakuti umboni walandiridwa, ndipo mzungu uja akubwera ndi makina oonetsera zithunzi pakhoma kuti alimi amuone mdani wawo. Amuna anga anadzisitira okha malaya tsiku limenelo, chinthu chomwe sanachitepo kuyambira pomwe tinakwatirana.

Msonkhano unachitikira m'kalasi langa lomwe, masana. Mawindo tinatseka ndi mabulangete, jenereta inkalira panja. Munadzaza alimi, mafumu, aphunzitsi, ndipo kutsogolo pa mpando wanga panakhala tcheyamani wa chipani wa dera lathu, baji ili pachifuwa. Anali munthu wa komweko, wonenepa, wokonda kuseka, ndipo mwana wake anali m'kalasi mwanga. Kumbuyo kunaima anyamata ake a chipani. Mdala wa nkhokwe uja anakhala pansi pafupi ndi khomo.

Chithunzi choyamba chitagwera pakhoma, anthu anang'ung'udza. Anali nankafumbwe wamkulu ngati mbuzi, chitamba chake chili m'njere ya chimanga. Ndinayang'ana amuna anga. Anali atatsegula pakamwa ngati mwana, chifukwa aka kanali koyamba kuona ntchito ya manja awo. Ndipo inali yokongola, ngakhale ine wodana ndi kamera ndinavomereza. Koma pa chithunzi chachiwiri ndi chachitatu ndinayamba kuona chinthu chachilendo. Miyendo yonse ya tizirombo inkaoneka bwino. Ulusi wa kampango unkaoneka umodziumodzi. Chimanga cha pa ndalama chinkaoneka njere iliyonse. Chifunga chija panalibe.

Ndinafuna kuimirira, koma ndikanati chiyani? Makina anagogoda, ndipo chinabwera.

Nkhope ya Mtsogoleri inadzaza khoma lonse, pamwamba pa bolodi pomwe ndinkalembapo a, e, i, o, u. Inaoneka bwino kuposa pa nsalu zathu, mpaka timizere ta tsitsi. Ndipo pa diso lake penipeni panaima dumuzi, wakuda, wamingaminga, mutu uli pansi, ngati akuboola.

M'kalasimo jenereta yokha ndi yomwe inkamveka. Kumbuyo mayi wina anayamba kuseka, kaphwete kamodzi kokha, n'kukasandutsa chifuwa. Mzungu anapitiriza kulongosola m'Chingerezi, akuloza ndi ndodo yanga yophunzitsira, ndodo ikugunda pa tsaya la Mtsogoleri, akuyamikira kuti ichi ndiye chithunzi chabwino kuposa zonse. Womasulira mawu ake, yemwe anaima pambali pake, sanamasulire.

Tcheyamani sanakweze mawu. Anangoti, "Zimitsani." Bulangete limodzi litachotsedwa pawindo, anatembenuka pang'onopang'ono.

"Chithuzi ichi wajambula ni njani? Ndikufunsa, anajambula ndani?"

"Ndine, a tcheyamani," anatero amuna anga, ataimirira.

"Ndalama anaika ndani?"

Ndinayang'ana kukhomo. Mdala uja anali ataweramitsa mutu pakati pa maondo.

"Kamera ndi yanga, ndalama ndi yanga," anatero amuna anga.

Tcheyamani anagwedeza mutu, anatenga chithunzi chija m'makina, kanthu kakang'ono kokwana pachikhatho, n'kukaika m'thumba la malaya, kuseri kwa baji. Ndikhulupirira kuti nayenso ankaopa. Anthu onse aja anaona, ndipo akanapanda kukanena iye, wina akanakanena kuti tcheyamani anaona n'kukhala chete. Ndimamvetsa zimenezo, koma sindinamukhululukire, ndipo sindikuona chifukwa chomukhululukira.

Anthu atabalalika, mzungu anabwera pakhonde pathu atasokonezeka, akufunsa chomwe chalakwika. Amuna anga sanamuyankhe funsolo. Anamufunsa lawo: zatheka bwanji kuti nkhope ioneke, pamene m'kamera munali chifunga? Mzungu anachotsa diso pa kamera n'kutionetsa. Mkati mwake munali kabowo. Anati pamene ukuyang'ana, kabowoko kamakhala kotsegula konse kuti uone kuwala, ndipo n'chifukwa chake zakumbuyo zimaoneka chifunga. Koma ukangodina, kamatsekeka n'kukhala kakang'ono monga mwa nambala ija, ndipo kabowo kakachepa, zomwe zinali chifunga zimatuluka bwinobwino pa filimu. Nambala yaikulu ija ntchito yake inali imeneyo. Panalinso kabatani kam'mbali koti ukakadina umaoneratu momwe chithunzi chidzatulukire. Anati ankaganiza kuti anawaonetsa.

Diso litabwezeredwa pa kamera, amuna anga anadina kabataniko, anayang'ana, anakasiya, anakadinanso. Kenako anati, "Zikomo, bwana." Ine ndinalowa m'nyumba chifukwa ndikanakhala pamenepo ndikanamuponyera mzunguyo mbale. Analonjeza kuti akalankhula ndi akuluakulu ku likulu. Kaya analankhula, kaya sanalankhule. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Iye anakwera galimoto yake n'kupita, ndipo sitinamuonenso.

Masiku otsatirawo anali oipa kuposa tsiku la msonkhano. Palibe anabwera kudzatigwira, palibenso anabwera kudzationa. Anzathu a m'nyumba za boma ankatseka zitseko tikamadutsa. Ine ndinkangolimbana ndi amuna anga.

"Bambo, mukanene zoona. Ndalama inatembenuzidwa ndi mdala uja. Ndi wokalamba, sadziwa kuwerenga, amumvera chisoni."

"Mukuwadziwa anthu amenewa kuti amamvera chisoni?"

"Ndiye mufere munthu yemwe si m'bale wanu?"

"Anabwera yekha kudzandiuza kuti nkhokwe yake ikulira. Ndikamupereka, ndani adzabwerenso kwa mlangizi?"

"Malire ali apa. Anthu amadutsa tsiku ndi tsiku ndi matumba."

"Ndikathawa, atenga inu."

Ndinawatukwana tsiku limenelo, mawu omwe mkazi sauza mwamuna wake. Iwo anangokhala akupukuta diso la kamera ndi duku langa.

Odzawatenga anabwera masana, ine ndili m'kalasi. Ndinamva galimoto, ndinasuzumira pawindo, ndipo ndinaona amuna awiri ovala zawamba akutuluka m'nyumba mwathu, wina atanyamula kamera, amuna anga ali pakati. Sanawamange manja. Pokwera galimoto anayang'ana kusukulu, koma dzuwa linali kumaso kwawo ndipo sindikudziwa ngati anandiona. Ana a m'kalasi anali akuimbabe nyimbo ya manambala yomwe ndinawayambitsira, ndipo sindinawaletse.

Kunalibe khoti, kunalibe mlandu wowerengedwa. Ku boma anandiuza kuti sakudziwa za munthu woteroyo. Wapolisi wina wa kwathu kummwera ananditsatira panja n'kundinong'oneza kuti, "Mayi, musamabwerenso kuno, muli ndi ana." Nyumba ya boma anatilanda sabata yomweyo. A sukulu anandipatsa kachipinda kosungiramo mabuku akale, ndipo ndinakhala mmenemo ndi ana anga awiri. Ntchito sanandichotse, ndipo pa zikondwerero za chipani ndinkavinabe ndi amayi anzanga, nsalu ya nkhope ija nditaimanga mosamala.

Chomwe chimandipweteka mpaka lero ndi chomwe chinachitikira kachirombo kaja. Kuyambira tsiku la msonkhano, dzina lake linasanduka mlandu. Kutchula dumuzi kunali kutchula chithunzi, ndipo kutchula chithunzi kunali kuvomera kuti unachiona. Mlangizi yemwe analowa m'malo mwa amuna anga anali mnyamata wochenjera. Ankalankhula za feteleza ndi mizere, ndipo pa nkhokwe ankadutsa ngati pa manda. Mankhwala aja sanafike nyengo imeneyo. Mwina umboni unakhala m'thumba la wina, mwina palibe ankafuna kusaina pepala lokhala ndi dzina la munthu womangidwa. Nkhokwe za ku Kaseye zinalira imodzi ndi imodzi, aliyense akumva, aliyense ali chete. Mvula isanathe, amayi ankapeta fumbi lonunkha kufunafuna njere yathunthu, ndipo ana a m'kalasi mwanga ankagona pa madesiki dzuwa lisanakwere. Ukafunsa, ankati chimanga chaola ndi chinyontho.

Mdala uja sanandilankhulepo. Tikakumana panjira ankapatukira kutchire. Koma nthawi ndi nthawi m'mawa ndinkapeza kambale pakhomo pa kachipinda kanga, nthawi zina mazira, nthawi zina chinangwa chouma. Poyamba ndinkafuna kukataya. Ndinkaphikira ana, chifukwa njala ilibe manyazi, koma mkwiyo sunathe. Mdalayo anamwalira amuna anga asanatuluke m'ndende. Kumaliro ndinapita, ndipo ndinakhala kumbuyo.

Amuna anga anatuluka pamene zinthu zinayamba kugwedezeka m'dziko, akaidi andale akumasulidwa m'magulumagulu. Anatsika basi ku boma, n'kukwera lole yonyamula matumba mpaka pa mphambano. Mnzanga wina anathamanga kudzandiuza kuti pamsewu pali munthu akufunsa njira ya kusukulu. Njira ya kusukulu, iwo omwe ankadziwa kanjira kalikonse ka dera limenelo. Ndinawapeza ataima pansi pa mtengo, atagwira kathumba ka pulasitiki, tsitsi litayera, mutu ataupendeketsa ngati nkhuku yomvetsera. Ndinafika pafupi, ndipo sanandizindikire mpaka nditalankhula.

Maso anali atapita. Sanali akhungu kwenikweni: munthu ankamuona ngati chithunzithunzi, khomo ankaliona, dzuwa ankaliona. Koma chilichonse chaching'ono chinawathawa. Anati chinawaononga maso ndi chipinda chamdima cha kundende ndi chakudya chake, nyemba zofumbwa ndi ufa wowawa, ndipo ambiri anatuluka choncho. Zina za kumeneko sanandiuze, ndipo ine sindinafunse. Ndinaona kuti akalandira ndalama yachitsulo ankaisisita ndi chala chachikulu, n'kuitembenuza kuti chimanga chikhale kumwamba, osadziwa n'komwe kuti akutero.

M'mawa wotsatira anadzuka kukuzizira, monga kale. Ndinawapeza kuseri kwa kachipinda, pomwe ndinamanga kankhokwe kanga ka chimanga cha m'munda wa sukulu. Anali atagwada, khutu lili pa nsungwi. Anakhala choncho nthawi yaitali.

"Mankhwala anabwera?" anafunsa osatembenuka.

Ndinaganiza zonama. Koma nkhokwe inali ikulira pakhutu pawo.

"Sanabwere, Bambo."

"Ngakhale chaka chija?"

"Ngakhale chaka chija."

Anagwedeza mutu. Analowetsa dzanja, anasolola chimanga, anachigogoda pa bondo monga ankachitira, ndipo ufa unathothokera pa thalauza. Anatambasula chikhatho.

"Tandiikirani kamodzi apa."

Ndinatola kadontho kakuda n'kukaika pachikhatho chawo. Anakabweretsa pafupi ndi diso, anakatalikitsa, anakabweretsanso, akupendeketsa mutu uku ndi uku monga ankapotokolera diso la kamera. Kachirombo kanayamba kuyenda kulowera kuchala.

"Ndikukamva kakuyenda," anatero. "Mayi, inu munakaonapo tsiku lija. Tandikumbutsani mutu wake."

Ndinagwada pambali pawo, mu fumbi lomwelo. Ndinawauza za chipewa chamingaminga, ndi mutu wobisala pansi pake, ndi tinyanga ta timfundo titatu, ndi kumbuyo kodulidwa ngati ndi mpeni. Ankamvetsera atatseka diso limodzi. Nditamaliza, kachirombo kanali katagwa kale pachikhatho n'kubwerera mu ufa, koma iwo anali atatambasulabe dzanja, ndipo sindinawauze.